Australia yalasa pamene pali nkhani, koma kuno foni ndi ya mayi

Kuyambira pa 10 Disembala 2025, ku Australia mwana wosakwana zaka 16 saloledwa kukhala ndi akaunti pa TikTok, Facebook, Instagram, Snapchat ngakhalenso YouTube. Aphungu akumeneko anavomereza lamuloli mu Novembala 2024. Anthu akulimbana ndi zaka 16zo, ena akuti zachuluka, ena akuti zachepa. Ine chandigwira mtima ndi china. Mwana akapezeka pa TikTok samangidwa, makolo ake salipitsidwa. Yolipira ndi kampani, ndipo chindapusa chake chikhoza kufika madola a ku Australia 49.5 miliyoni. Amene akudyerapo ndiye asenze mlanduwo, basi.

Mwezi watha mchemwali wanga anandiimbira akulira. Mpamba wa geni yake ya tomato, womwe ankasunga mufoni, unali utatheratu. Tonse tinkaganiza kuti ndi akuba a pafoni aja. Titatsegula mauthenga mmodzimmodzi, tinapeza kuti ndi mwana wake wa Fomu 2, yemwe amabwereka foniyo usiku ati akaone manotsi pa gulu la WhatsApp la kalasi yawo. Ankasewera kandege, juga ya pafoni ija. Nditamukhazika pakhonde, anazyolika n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amalume, ndimangofuna ndibweze yomwe inandidyera dzana." Mwana wa zaka 15 kuyankhula ngati munthu amene juga yamulowa m'magazi! Usiku umenewo tulo sindinatione.

Lamulo lathu limaletsa wosakwana zaka 18 kutchova juga. Nanga kampani ya betingi inamudziwa bwanji mwanayu? SIM khadi inalembetsedwa ndi chiphaso cha mayi ake, ndalama zikuchoka pa nambala ya mayi ake. Kwa iwo, amene ankasewera pakati pa usiku ndi mayi wogulitsa tomato. N'chifukwa chake kungokopera za ku Australia momwe zilili sikungatipulumutse, poti ana ambiri kuno alibe foni zawozawo.

Chomwe tingatengeko ndi mtima wa lamulolo. Tili kale ndi lamulo la 2016 loona za pa intaneti, lomwe limaletsa zithunzi zolaula za ana komanso kuzunzana pa intaneti. Tili ndi MACRA yoyang'anira za mafoni ndi mawailesi, tili ndi bungwe loyang'anira juga, ndiponso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Boma liwaumirize makampaniwa kuti pakhale malire a ndalama zomwe nambala imodzi ingaike patsiku, ndipo mwini nambala azitha kutseka betingi pafoni yake mosavuta, ngakhale pa kafoni kamabatani. Zotsatsa za juga zichepe nthawi ya mpira pawailesi, ana amakhala ali pomwepo akumvera. Kampani yozemba ilipitsidwe ndalama yoti imve kuwawa.

Mchemwali wanga wasintha PIN, ndipo foni akugona nayo kumutu. Mpamba wina wakongola ku banki m'khonde, aubweza ndi chiwongoladzanja.