Kuwala si minibasi yoti n'kuikwera

Dzulo madzulo mphwanga wa Fomu 4 wandionetsa kavidiyo ka pa TikTok. Mkulu wina akunena motsimikiza kuti utakwera pa kuwala, nthawi ingaime. Ndinakana pomwepo, ndipo lero ndikukanabe.

Mukakwera minibasi ya ku Ekwendeni, cha ku Luwinga ina n'kukupezani, ziwirizo n'kumayenda liwiro lofanana, ya pambaliyo imaoneka ngati yaima. Makondakitala mpaka amapatsana chenje pawindo. Mpando umenewo, pamene chinthu chomwe ukuyenda nacho chimaoneka chili chiimire, ndi umene a fizikisi amati reference frame. Minibasi ili nawo, ndege ili nawo, mwezi uli nawo.

Kuwala kulibe.

Mu 1905 Albert Einstein, akugwira ntchito mu ofesi ya mapatenti ku Bern, anaika mfundo yakuti aliyense woyenda mosasintha liwiro, akayeza liwiro la kuwala m'malo opanda mpweya, apeza liwiro limodzimodzi, lomwe lero timadziwa kuti ndi mamita 299,792,458 pa sekondi. Aliyense! Ngakhale uthamange chotani, kumakusiya ndi liwiro lomwelo. Asayansi Michelson ndi Morley anafufuza kusiyana kwa liwiro la kuwala mu 1887, sanakupeze. Tsono ukati "ndakhala pa kuwala", ukunena kuti kwaima, pomwe lamulo ukuligwiritsa ntchitolo likuti sikuima kwa munthu aliyense. Wadula nthambi yomwe wakhalira.

Masamu nawonso amakana. Tinatenga kakyuleta yake ya Casio ija yosweka chivundikiro, tinalemba Lorentz factor, samu yoonetsa mmene wotchi ya chinthu chothamanga imachedwera, n'kuika liwiro la kuwala. Pansi panatuluka ziro, iyo n'kungoti Math ERROR. Anthu amatenga ERROR imeneyo n'kuimasulira kuti nthawi yaima. Ayi ndithu. Kakyuleta yangokuuza kuti funso lako lilibe mutu.

Sindikutsutsa zoti wotchi ya chinthu chothamanga kwambiri imachedwa poiyerekeza ndi yathu. Zimenezo zinayezedwa kale, n'zoona. Koma kuyandikira liwiro la kuwala ndi kufikapo n'zosiyana, ndipo chilichonse cholemera, ngakhale kanjere ka mchenga, sichifikapo. Chimene tinganene mosanama n'chakuti kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 ndi masekondi pafupifupi 20 kuti kufike pa Katoto, pa wotchi yathu ifeyo.

Mnyamata anakhala duu, kenako akuti, "Ndiye amalume, Einstein yemweyo sanaganizepo zothamangitsa kuwala ali ndi zaka 16?" Anaganizadi, ndinamuyankha, ndipo ataona kuti sizikugwirizana anasiya kukuthamangitsa n'kusintha mmene timaonera nthawi. Iye wangoti akafunsa aphunzitsi ake Lolemba.