Kutulutsidwa m'chipatala si kupola, tamvetsani

Lero ndakwiya, ndipo sindibisa. Ndapita kukazonda mng'ono wanga amene wabereka kudzera pa opaleshoni sabata yomwe ino, ndamupeza ali chiweramire pa beseni akuchapa matewera. Dzanja limodzi lili m'madzi, linalo wagwira m'munsi mwa mimba pamene anamusokapo. Pofuna kuweramuka akuyamba waluma mlomo, kenako n'kumadzuka pang'onopang'ono atagwira khoma. Mwamuna wake ali phee pampando, foni m'manja. Ndafunsa kuti alamu, chimenechi n'chiyani? Yankho lawo ndi limene likundiwotcha mtima mpaka pano: "Aaa alamu, madokotala amutulutsa okha, ndiye kuti ali bwino. Komanso yakeyi inali yokonzekera, si ija yadzidzidzi."

Yokonzekera! Kodi mpeni wa opaleshoni yokonzekera umadula mosiyana ndi wa yadzidzidzi? Chimene chinakonzedwa ndi tsiku basi. Adokotala anaona kusikelo kuti kubereka mwa njira ya nthawi zonse kungaike mayi kapena mwana pangozi, mwina nsengwa yatseka khomo la chiberekero, mwina mwana watsogoza matako kapena wapingasa, mwina mayiyo anang'ambidwapo kale, ndiye anasankha tsiku, kawirikawiri mimba ikafika masabata 39. Kukonzekera kwake n'komweko. Kudula n'komwe kuja. Amacheka khungu mopingasa m'munsi mwa mchombo, masentimita 10 mpaka 20. Amadutsa mafuta, amadula nembanemba yolimba imene imagwira minofu ya pamimba, amakankhira minofuyo uku ndi uku, amatsegula nembanemba ina yam'kati, kenako amacheka chiberekero chenichenicho. Mwana amatuluka m'mphindi zoyambirira, nthawi yotsala ya mphindi 40 kapena 50 zija imathera kusoka. Inu mumangoona kamzere kakunja ka ulusi. Chilonda china chili m'kati, pa chiberekero, ndipo pamene panamatira nsengwa palinso bala lake limene likutulutsa magazi. Munthu ameneyu ndiye mukumupatsa beseni?

Ndibwereze kuti amene sanamve amve: kutulutsidwa m'chipatala si kupola.

Masiku amene mayi amagona m'wodi akachitidwa opaleshoni yotereyi ndi ochepa kwambiri. M'zipatala zambiri ndi masiku awiri, atatu kapena anayi. Ku Britain malangizo a bungwe loona za umoyo la NICE amalola kuti mayi amene ali bwino, thupi silikutentha ndipo palibe vuto lina, apite kunyumba pakangotha maola 24, koma azamba azimuyendera komweko. Zifukwa zake zilipo, mabedi ndi ochepa, ndalama, komanso kukhalitsa m'chipatala kuli ndi matenda ake, zimenezo si nkhani yanga lero. Nkhani yanga ndi yakuti kodi namwino akamalemba kapepala kotulutsa, amakhala waona chiyani? Waona kuti dzanzi la jakisoni wa pamsana latha ndipo miyendo yabwerera. Kapaipi ka mkodzo, kamene kamakhala maola 12 kapena kuposerapo, kachotsedwa ndipo mayi wakodza yekha. Waimirira, wayenda mpaka kubafa osagwa. Wadya, sanasanze, matumbo ayambanso kugwira ntchito. Magazi sakutuluka mopyola, BP ili bwino, ululu ukumvera mapiritsi, mwana akuyamwa. Basi. Kapepalako kakunena kuti mayiyu sakufunikanso namwino pambali pake usiku wonse. Sikakunena kuti chilonda chapola. Sikakunena kuti abwerere ku ntchito zapakhomo. Chipatala chamupereka m'manja mwanu kuti ntchito yosamala ija muipitirize inuyo, ndiye inu mwamva ngati akuti nyamula tsache.

Ulusi umene susungunuka wokha amachotsa pakatha masiku 5 mpaka 7. Ganizirani pamenepo. Mayi amafika pakhomo ulusi udakali pamimba. Chiberekero chimatenga masabata pafupifupi 6 kuti chibwerere mmene chinalili, ndipo magazi a uchembere amatha kutuluka nthawi yonseyo. Azaumoyo akamanena za kupola kwa opaleshoniyi amawerenga masabata 6, ndipo ena amapitirira, pachipsera pamakhala dzanzi kapena kuyabwa kwa miyezi. Masiku atatu m'chipatala, masabata 6 kunyumba. Ndiye kupola kwenikweni kukuchitikira kuti? Kunyumba kwanuko, pamaso panu.

Ndipo chimene anthu sakuchidziwa, masiku amene mayi wangofika kunyumbawo ndi amene zoopsa zambiri zimatulukira. Chilonda chikalowa tizilombo sichionetsa tsiku loyamba ayi, kawirikawiri chimayamba kufiira, kutupa ndi kutulutsa mafinya kuyambira tsiku lachinayi mpaka lachisanu ndi chiwiri, ndipo azaumoyo amachiyang'anira mpaka masiku 30. BP ya mayi amene wangobereka imakonda kukwera pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi, ngakhale kwa amene analibe vutoli ali woyembekezera. Magazi amatha kuundana mu mtsempha wa m'mwendo, chibuma chake n'kuthawira kumapapo, ndipo zimenezi zimapha munthu amene m'mawa amaseka nanu. Kutaya magazi kwambiri kumatha kuyamba patatha sabata kapena awiri. Masiku omwewo ndi amene mawere amadzaza n'kumauma gwaa, tulo kulibe, misozi imangobwera yokha popanda chifukwa chooneka. Ndiye pa nthawi imene munthu akufunika maso anu kwambiri, inu ndi pamene mwati wachira, tiyeni tibwerere ku moyo wakale.

Abambo, apongozi, achemwali, aliyense amene ali m'nyumba momwe muli mayi wotere, zinthu izi muzidziwe ngati dzina lanu. Thupi likatentha kapena akamanjenjemera. Chilonda chikafiira, chikatupa, chikanunkha kapena chikatseguka. Magazi akamanyowetsa padi mu ola limodzi, kapena akamatuluka zibuma zikuluzikulu, kapena akamanunkha. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka pa katumba. Akamabanika kapena kumva kupweteka pachifuwa. Mutu ukamawawa kwambiri osamvera mankhwala, maso n'kumachita chidima. Ululu wa m'mimba ukamakula m'malo mochepa. Zikatero musadikire kuti kuche, musayambe mwafunsa kaye pa WhatsApp, mutengeni mubwerere naye kuchipatala nthawi yomweyo. Koma mudzaziona bwanji zizindikirozi ngati m'mutu mwanu munatseka kale nkhani kuti munthuyu ali bwino? Mayi amene mwamuphunzitsa kuti kudandaula ndi ulesi adzabisa. Adzaluma mlomo n'kupitiriza kuchapa. Tsiku limene chilonda chidzaphulike mudzayamba kupepesa, koma pepani sapoletsa chilonda.

Wina andiuza kuti koma anamwino omwewo amati aziyenda, asamangogona. Inde amatero, ndipo akunena zoona. Amamudzutsa tsiku lomwelo kapena mawa lake, ngakhale akulira, chifukwa kuyenda kumathandiza kuti magazi asaundane ndi kuti matumbo adzuke. Koma kuyenda kumene akunenako ndi kochoka pabedi kupita pakhomo, kuzungulira pang'ono, kukhala pansi, mawa n'kuwonjezera pang'ono. Si kukolopa. Si kuwerama pa beseni. Si kunyamula ndowa yodzaza zovala zonyowa kupita nayo pachingwe. Lamulo limene amapatsidwa ndi losavuta: asanyamule chinthu cholemera kuposa khanda lake. Ngakhale mwana wamkulu uja wa zaka ziwiri amene akulira kuti amayi ndinyamuleni, ayi, munyamuleni inuyo. Musatenge mawu a namwino n'kuwapotoza kuti akupepukireni.

Amene simunachitidwepo, mungofunsa amene anadutsamo. Kutsokomola kumakhala nkhondo, amachita kukanikiza pilo pamimba kaye. Kuyetsemula amakuopa. Kuseka kumapweteka. Kudzuka pabedi amayamba wagudubukira chammbali, kutsitsa miyendo, n'kudzikankha ndi chigongono, chifukwa minofu ya pamimba singamudzutse. Kupita kuchimbudzi koyamba ena amatuluka thukuta ndi mantha. Ndipo zonsezi akuchita uku akuyamwitsa maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku, mwana atamuika chammbali kuti asaponde pachilonda. Munthu wina aliyense akang'ambidwa pamimba pa matenda ena timamugoneka, timayenda monyang'ama, timamufunsa kuti mukufuna chiyani. Koma mayi akang'ambidwa kuti atulutse munthu wamoyo, timamupatsa khandalo ndi ntchito zonse pamwamba. Chilungamo chake chili pati?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini chilonda ndiye akudziwa pamene pakupweteka, osati inu, osati anzanu a kuntchito amene akuti mkazi wawo anadzuka tsiku lachiwiri n'kuyamba kuphika. Mwina anadzukadi. Matupi ndi osiyana, wina anataya magazi ambiri pa tebulo, wina ndi opaleshoni yake yachitatu ndipo m'kati munali zipsera zomatana, wina ali ndi shuga ndipo chilonda chake chimachedwa. Komanso ndani anamufunsa mkazi wa mnzanuyo ngati anadzuka mwa kufuna kwake?

Amayi anzanga, nanunso ndikuuzeni. Lekani kufuna kuoneka olimba. Mankhwala a ululu amene anakupatsani imwani pa nthawi yake, musadikire kuti mpaka mulire. Paracetamol ndi ibuprofen amaloledwa kwa mayi woyamwitsa, ena aliwonse yambani mwafunsa kuchipatala. Tsiku lotuluka likafika inu mukuona kuti simukutha kuima, mutu ukuzungulira, kapena kunyumba kulibe wokuthandizani, nenani pomwepo namwino asanalembe. Funsani kuti chilonda muzichisamala bwanji, ulusi adzachotsa liti, mubwerenso tsiku liti. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi ndi khanda aonedwe m'maola 24 oyamba, kenako pa tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, n'kudzaonedwanso pa masabata 6. Maulendo amenewa sanaikidwe chifukwa cha mwana yekha, ndi anunso. Ndipo alendo akabwera kudzaona mwana musadzuke kukawakonzera pokhala. Mlendo amene wabwera ndi manja awiri achape mbale.

Iyi si nkhani ya anthu owerengeka. Mu 2021 WHO inanena kuti pa ana asanu aliwonse obadwa padziko lonse, mmodzi akubadwa kudzera pa opaleshoni, 21 pa 100 aliwonse, ndipo pofika 2030 chiwerengerochi chikhoza kufika pa 29. Ndiye kuti mawa ndi mkazi wanu, mkuja ndi mwana wanu wamkazi. Kuchuluka kwa opaleshoniyi ndi kumene kwatipusitsa, tayamba kuiona ngati kuzula dzino. Kuchuluka sikunaichepetse, ikadali opaleshoni yaikulu ya pamimba.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi zakuchipinda zomwe. Pali abambo ena amawerenga masiku ngati akudikira malipiro, sabata yachitatu ayamba kale kung'ung'udza. Munthu magazi sanasiye, chilonda cham'kati sichinagwirane, inu mwayamba kukwiya kuti akukukanizani. Dikirani mpaka akaonedwe pa masabata 6, ndipo ngakhale pamenepo mwini wake anene kuti ndakonzeka. Za kulera mukambirane asanatuluke n'komwe m'chipatala, chifukwa mimba ina ikabwera msanga chipsera cha pachiberekero chimatha kung'ambika pa nthawi ya matenda, ndipo pamenepo mukhoza kutaya mayi ndi mwana tsiku limodzi. WHO imalangiza kudikira miyezi 24 kuchokera pobereka musanayese mimba ina. Inu mukufuna kuti chaka chisanathe akhale ali kusikelo.

Koma zimene zimandinyansa kuposa zonse ndi pakamwa pa amayi anzathu omwe. "Uja sanabereke, anachita kumuchotsera." "Anathawa ululu." "Ana a masiku ano ndi aulesi, sadziwa kukankha." Mukunena zimenezi mayi wochitidwa opaleshoniyo ali pomwepo, akulephera ngakhale kukhala tsonga. Nsengwa ikatseka njira, akankhe chiyani? Mukufuna akankhe mpaka atayire magazi onse pabedi kuti mumutche mkazi weniweni? Mawu amenewa ndi amene amachititsa kuti mtsikana adzuke ulusi uli pamimba n'kukagwira beseni, kuti akuonetseni kuti si waulesi. Ena mpaka amabisa tsiku limene adokotala anawapatsa, osapita, kudikira matenda ayambe okha kunyumba chifukwa choopa pakamwa panu. Mwana amene mukumulanda m'manja mwake kuti mumujambule pa foniyo mukuganiza kuti anatulukira kuti?