Si galimoto iliyonse yakale yomwe ili Bugatti

Dzulo wina waponya pa Facebook chithunzi cha galimoto yakale ya mpikisano, amuna awiri atakhala pamwamba pake, fumbi lili koboo kumbuyo. Pansi pake walemba kuti "Bugatti, 1906". Anthu kulaika, kushera, ena mpaka kuyamikira kuti aphunzirapo kanthu. Aphunzira chiyani? Bodza! Zandipweteka mtima kwambiri.

Mu 1906 kampani ya Bugatti kunalibe. Ettore Bugatti adakhazikitsa kampani yakeyi mu 1909 ku Molsheim, ndipo nthawi imeneyo dera la Alsace lidali m'manja mwa Germany. Bugatti yomwe anthu ambiri ali nayo m'mutu, ya rediyeta yooneka ngati chiboda cha hatchi ija, ndi Type 35 ya mu 1924. Nanga galimoto ingathamange bwanji mpikisano fakitale yake isanamangidwe?

Galimoto ya pachithunzipo ndi Renault. Munthu wodekha akadaona yekha, chifukwa nambala 3A, yomwe Renault imeneyi idathamanga nayo mpikisano, yalembedwa poonekera. Boneti yake ndi yotsetsereka kutsogolo, rediyeta ili kumbuyo kwa injini pafupi ndi dalaivala, monga ankapangira a Renault masiku amenewo. M'mbali mulibe matcheni oyendetsa matayala akumbuyo, chifukwa Renault imeneyi sinkayendera matcheni. Woyendetsayo ndi Ferenc Szisz, mbadwa ya ku Hungary, yemwe poyamba adali makaniko wa Louis Renault, mmodzi mwa eni kampani ya Renault. Iyeyu ndiye adapambana Grand Prix yoyamba ya ku France, mpikisano waukulu wa galimoto womwe udachitikira kufupi ndi mzinda wa Le Mans, pa 26 ndi 27 June 1906. Masiku awiri ali pamsewu, makilomita opitirira 1,200, padzuwa loswa mtengo mpaka phula kumasungunuka. Adathandizidwa ndi malimu ochotseka a Michelin, moti tayala likaphulika ankalisintha msanga anzake ambiri akulimbana ndi mpeni kudula lakale. Munthu wovutika chonchi, inu n'kumulanda ulemu wake n'kuupereka kwa kampani yomwe idali isanabadwe!

Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale anga. Yang'anani chithunzi musanalembe dzina. Onani nambala, onani pomwe pali rediyeta, onani ngati pali matcheni. Sindikupempha kuti mukhale akatswiri ayi, ndikupempha kuti muyang'ane. Vuto n'lakuti dzina la Bugatti ndilo limakoka malaiki, basi.

Ndipo France idali ndi mayina ambiri Bugatti asanabwere. Mu July 1894, pa ulendo wa Paris mpaka Rouen, mphoto yoyamba adagawana makampani a Peugeot ndi Panhard et Levassor, ngakhale woyamba kufika adali De Dion pa galimoto yoyendera nthunzi. Mu 1895 Émile Levassor adachoka ku Paris kukafika ku Bordeaux n'kubwerera, makilomita pafupifupi 1,180 m'maola osakwana 49. Mu 1903 mpikisano wa Paris–Madrid adauimitsira ku Bordeaux chifukwa cha ngozi zomwe zidapha anthu, mmodzi mwa iwo Marcel Renault, m'bale wake wa Louis, ndipo patsogolo padali Fernand Gabriel akuyendetsa galimoto ya Mors. Léon Théry adatenga chikho cha Gordon Bennett, cholimbirana maiko osiyanasiyana, mu 1904 ndi 1905 akuyendetsa galimoto ya Brasier. Onsewa mukufuna kuwakwirira m'dzina limodzi? Ayi ndithu, zimenezo ndakana.

China chondinyansa ndi izi zopaka utoto zithunzi zakale pa kompyuta. Munthu wamva kuti galimoto za mpikisano za ku France zinkakhala zabuluu, ndiye chilichonse akuchithira buluu osafunsa. Renault ya Szisz idali yofiira. Yofiira! Yadzuloyi ayipaka buluu, makaniko wa pambali pa Szisz amusalaza nkhope mpaka sakudziwikanso, ndipo nditalemba ndemanga yokonza, mwini tsambalo wayifufuta.