Chonde mafani akale musamawapente, sinthani waya kaye

Anthu inu ndiloleni ndilankhulepo chifukwa zandikwana. Dzulo mnzanga wina wanditumizira chithunzi cha fani yamagetsi yakale ya kampani ya GE (General Electric), ya mapiko a bulasi ija, ati amwene onani ndayikonza. Ndaonadi. Wayipopera penti wa siliva paliponse, mapiko, kakhola kakutsogolo, mpaka kachitsulo kaja kolembedwa mavoti a magetsi ndi nambala ya modelo nakonso wakamata osawerengekanso. Ndikumufunsa nanga waya wasintha? Ati ayi, wayayo ndi olijino sindingachotse. Koma abale, waya wokutidwa ndi nsalu wazaka pafupifupi 100, wouma gwa, ukangoupinda labala wamkati akuyoyoka ngati dothi, uwo ndiye wausiya, penti amene sanalakwe kanthu ndiye walimbana naye.

Ine maganizo anga ndi awa, kukonza chinthu chakale kumayambira mkati. Nkhope yake isiyeni, mikwingwirima ndi malo osupukawo ndi zaka zake.

Zotolatola mafani ndi mahuva akalezi ndinayamba mwangozi. Munthu wina ankataya huva yoimirira ya Hoover, makina okoka fumbi mnyumba aja, ati mota yapsa, ikununkha. Nditafika nayo kunyumba ndinaigoneka chagada nkumasula masikulu apansi, ndipo zomwe ndinapeza ndi tsitsi, ulusi, ndi kalabala komangira tsitsi, zonse zitakulungana pa bulashi yozungulira ija mpaka inasiya kutembenuka. Mota imazungulira bwinobwino koma lamba amangokhulika pamalo amodzi nkumapsa, fungo lija linali la lamba basi. Ndinadula tsitsi lonse ndi lezala, nkuikapo lamba wina, nditayatsa inalira mpaka mphaka anathawa. Kuyambira tsiku limenelo munthu akandiuza kuti mota yapsa ndimangoti eti, nkuitenga.

Chifukwa nthawi zambiri si mota. Huva ikasiya kukoka, yang'anani kaye paipi ngati simunatsekeke sokosi kapena pepala, kenako thumba, kenako fyuluta, kenako lamba. Ikamathetheka moto mkati kapena ikamaduladula, ambiri amakhala mabulashi a kaboni, timakala tiwiri tija timene timakhudza komyuteta, kamkombero ka kopa kozungulira mkati mwa mota. Timatha, ndi mmene anatipangira. Tina ndinatulutsa titatsala ngati chikhadabo cha mwana, sipuling'i itatsala pang'ono kuyamba kukanda kopa. Mukasintha nkupukuta komyuteta bwinobwino makina amadzuka. Mota yopsadi imadziwika, mawaya a kopa amakhala atada ndipo fungo la vanishi wopsa silichoka mmanja tsiku lonse.

Ena amandifunsa kuti bwanji umasakaniza mafani ndi mahuva. Ndi pachibale izi. Huva ndi fani yomwe aitsekera mubokosi kuti izikoka mpweya. James Murray Spangler, amene ankagwira ntchito yosesa musitolo ina ku Canton, Ohio, fumbi linkamuvutitsa pachifuwa, ndiye mu 1907 anaphatikiza kamota, fani, mpini wa tsache ndi pilokesi yoti fumbi lizilowamo. Mu 1908 William Hoover anagula nzeruzo, nchifukwa chake mpaka lero timangoti huva ngakhale makinawo akhale a kampani ina. Fani yamagetsi ndiye mkulu wake, Schuyler Wheeler anali atapanga kale yake mu 1882. Ndipo Spangler asanapange yake, ku London kunali makina a Hubert Cecil Booth a mu 1901, aakulu moti ankakokedwa ndi hatchi nkuima panja, mapaipi okha ndi amene ankalowa pawindo.

Koma mtima wanga uli pa mafani, ndisaname. Fani yakale ya Emerson, Westinghouse kapena GE ukainyamula umamva kuti wanyamula chinthu, tsinde lake ndi chitsulo cholemera. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi timakapu ta oyilo, pansi pa shafiti mumakhala kakapu komasula ndi dzanja, mkati muli chingwe chofewa ngati cha nyali chokankhidwa ndi kasipuling'i, chimayamwa oyilo nkumapaka shafiti pang'onopang'ono. Ndiye kuti amene anapanga ankayembekeza kuti mwini wake azitsegula nkumathira oyilo, sanabise kanthu. Ukapeza yoti yakhala zaka osagwira ntchito, oyilo uja amakhala atauma ngati phula, mapiko osatembenuka ngakhale ndi dzanja, anthu nkumati yafa. Ine ndimatsuka ndi parafini, nkusintha kachingweko, nkuthira oyilo wopepuka wamakina. WD-40 ayi chonde, uja ndi womasulira zadzimbiri, amauma msanga ndipo pakapita masiku fani imayambanso kulira kwiii. Giyabokosi yakumbuyo imene imapangitsa mutu kuyang'ana uku ndi uku, iyo imafuna girizi watsopano, wakaleyo mumuchotse yense.

Tsono za waya. Pali kawaya kochokera kutsinde kupita kumutu wa mota, kameneko kamapindika nthawi iliyonse fani ikatembenuza mutu, zaka ndi zaka, ndiye kamathyokera polowera mumota penipeni. Ine kanandiphunzitsa ndi nyesi. Ndinali ndi phuma, fani ndangoipeza, ndati ndingoyesa kaye ndione ngati ikuzungulira, nditaigwira thupi kuti ndiisunthe inandigwedeza mkono mpaka mmano. Thupi lonse ndi chitsulo ndipo zakalezi zinalibe waya wa ethi. Panopa sindilumikiza kanthu ndisanayeze ndi mita ngati magetsi sakudumphira kuthupi, ndipo waya wakale ndimachotsa ndithu. Ulipo waya watsopano wokutidwa ndi nsalu wooneka ngati wakale, ndiye palibe chifukwa choikira moyo pachiswe chifukwa cha maonekedwe.

Ndipo kachitsulo kamene mnzanga uja wapenta ndi kamene kamakuuza zonse. Mafani opangidwira ku America ambiri ndi a 110V, ukailumikiza ku 230V popanda thiransifoma utsi umatuluka usanamalize kumwetulira. Ina inalembedwa 60 cycles, kutanthauza magetsi osinthasintha ka 60 pa sekondi, ukaiika pa magetsi a 50 imazungulira pang'onopang'ono komanso imatentherapo. Ina yakale kwambiri ndi ya DC yokhayokha, magetsi osasinthasintha ngati a batire. Ndiye ukamata penti pamenepo wobwera pambuyo pako adziwa bwanji?

Mapiko nawonso, bulasi amangofuna kupukuta mofatsa, sandipepa ayi, ndipo musawapinde poyesa kuwongola ndi dzanja. Phiko limodzi likangosiyana ndi anzake pang'ono, fani imanjenjemera nkumayenda yokha patebulo.

Sindikunena kuti zakale zonse ndi zabwino, ayi. Kakhola ka fani zakale mipata yake dzanja lonse la mwana limalowa, ndiye panyumba pamene pali ana ziikidwe pamwamba kapena zisayatsidwe. Huva ya thumba lansalu imabweza fumbi lina losalala mumpweya, munthu wa mphumu bola yatsopano ya fyuluta ya HEPA yogwira ndi fumbi losalala lomwe, pamenepo sindingatsutse. Ndipo zatsopano zina zimakonzeka, huva ya Henry ya kampani ya Numatic ija imene inatuluka mu 1981 ndi yosavuta kutsegula, sipeya zake zimapezeka. Ngakhale fani yapulasitiki yamasiku ano ikamangong'ung'udza mpaka uikankhe ndi kamtengo, kawirikawiri ndi kapasita kapena mabushi ouma, osati yoti nkutaya. Chimene chimandinyansa ndi zija zomata ndi guluu komanso timano tapulasitiki toti ukangoyesa kutsegula tathyoka.

Panopa patebulo panga pali huva ya Electrolux yogona ija yokhala ngati chitini chachitali, yoyenda pa tizitsulo ngati sileji. Mota ili bwino zedi koma paipi yake yolukidwa ndi nsalu ikutaya mpweya paliponse, ukatseka kumapeto ndi chikhatho osamva kukoka kulikonse. Ndikusaka paipi ina yokwana pakamwa pake, amene ali nayo yongokhala andiuze.

Mnzanga wa penti uja ndamuuza abwere nayo Loweruka asanailumikizenso. Tiyamba ndi waya, kenako ndione ngati thina angachotse siliva pa kachitsulo kaja popanda kufufuta manambala.