Injini ikamatentha galimoto itaima, yambani mwayang'ana fani

Pali vuto limene limasautsa madalaivala ambiri kuno ku Thyolo, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Galimoto imayenda bwinobwino pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza, koma ikangofika pa Bvumbwe tsiku la msika, kapena ikaima pamzere wa mafuta injini ikulira, muvi wosonyeza kutentha umayamba kukwera. Mukatuluka m'chipwirikiti n'kuyambanso kuthamanga, muvi uja umatsika wokha. Maganizo anga ndi akuti galimoto yotere yanena kale pamene pali matenda, ndipo ambiri timawononga ndalama chifukwa chosamvetsera.

Madzi otentha ochokera mu injini amazizira mu rediyeta pokhapokha mphepo ikamadutsamo. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha kutsogolo, koma ikaima kapena ikamakwawa pambuyo pa thirakitala yonyamula masamba a tiyi, ntchito yonse imatsalira fani. N'chifukwa chake fani ndi imene iyenera kufufuzidwa poyamba. Pa magalimoto ang'onoang'ono monga Sienta ndi Probox fani imayendera magetsi, choncho siyani injini ilire mpaka itenthe, muone ngati fani ikuzungulira yokha. Ngati sikuzungulira, makaniko aone fyuzi, relay (kaswichi kamene kamayatsa fani), waya ndi sensa ya kutentha asanaganize zogula fani yatsopano, chifukwa kawirikawiri chofa chimakhala kachipangizo kotsika mtengo. Pa mapikapu ambiri a dizilo fani imakokedwa ndi lamba kudzera pa kalachi yokhala ndi mafuta m'kati mwake. Kalachi imeneyi ikatha, fani imaoneka ngati ikuzungulira koma sikoka mphepo yokwanira, ndipo diso limanyengeka mosavuta. Onaninso chipulasitiki chozungulira fani chija, chimene ena amachitaya akamakonza galimoto, pomwe ndi chimene chimachititsa kuti mphepo idutse mu rediyeta osati m'mbali.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chizolowezi chochotsa thermostat, kachipangizo kamene kamatseka njira ya madzi yopita ku rediyeta mpaka injini itafunda. M'magalaja ambiri, galimoto ikangobwera yotentha, makaniko amaichotsa n'kunena kuti inapangidwira mayiko ozizira. Sindikugwirizana nazo. Pa injini zambiri za Toyota thermostat imayamba kutseguka pa madigiri 82, ndiye pamene muvi ukufika pofiira imakhala itatseguka kale, ndipo kuichotsa sikuwonjezera mphepo ngakhale pang'ono. Chotsatira chake n'chakuti m'mawa wa chiperoni mu Juni injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndiponso imatha msanga, pamene vuto lenileni likadali pompo. Thermostat imafa ndithu, koma ikakanirira yotseka galimoto imatentha ngakhale ikuthamanga, ndipo mankhwala ake ndi kuikamo ina.

Fani ikapezeka kuti ili bwino, pitani ku madzi. Fumbi ndi matope a m'misewu ya m'maesiteti zimatseka timipata ta rediyeta kunja, pamene madzi a pamjigo kapena a mumtsinje amene timathira m'malo mwa coolant (madzi apadera oziziritsa injini) amasiya dzimbiri m'kati ndipo amadya mapiko a pampu ya madzi. Pampu yodyeka imakankha madzi ochepa kwambiri injini ikamalira pang'onopang'ono. Chitsekero cha rediyeta nachonso tisachipeputse, pakuti ndi chimene chimasunga mphamvu ya mpweya kuti madzi asawire pa madigiri 100, ndipo labala yake ikang'ambika madzi amatayika pang'onopang'ono.

Muvi ukakwera muli pamzere, zimitsani AC, yatsani hita mwamphamvu kuti ichotseko kutentha, kenako patukani n'kuzimitsa injini. Musatsegule chitsekero injini ili yotentha, chifukwa nthunzi yake imawotcha nkhope ndi manja koopsa. Ikazizira, yang'anani ngati oyilo wasanduka woyera ngati mkaka, ngati m'madzi mukutuluka thovu injini ikulira, kapena ngati ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wosatha. Zizindikiro zimenezo zimaloza ku gasiketi ya hedi, chomatira chimene chimakhala pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, ndipo galimoto yotero ndi bwino kuikoka kupita nayo ku galaja kusiyana ndi kuiyendetsa mpaka ku Luchenza mukuthira madzi m'njira.