Chenjezo kwa inu opopa kilachi m'malo moikonza

Ananu okonda galimoto, tamverani kuno. Wina ali ndi Altezza, wina BMW yakale, wina Land Cruiser yopukutidwa m'mawa ndi madzulo, marimu owala, ekizozi yomveka mpaka tsidya. Koma tikumakuonani pa maloboti mukupopa kilachi katatu kanayi kuti giya ilowe, botolo la brake fluid lothirira m'njira lili pansi pa mpando. Zimenezi lekani. Kilachi ya hydraulic siimwa fuluwidi. Njira yake ndi yotseka kuchokera ku pedulo mpaka ku giyabokosi, choncho akamachepa ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo kuthira wina sikutseka bowolo.

Zida zake n'zowerengeka. Mukaponda pedulo, kachitsulo kotchedwa push rod kamakankha pisitoni mu master cylinder, imene ili pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Fuluwidi amatsika m'paipi yachitsulo, n'kudutsa paipi yaifupi ya labala, n'kukafika mu slave cylinder pa giyabokosi. Slave imakankha foloko, foloko n'kukankha release bearing, release bearing n'kukanikiza pressure plate, pressure plate n'kumasula clutch plate. Malo oti fuluwidi athawirepo ndi atatu basi: master, paipi, slave.

Yambani ndi tochi, sipanala ikhale kaye pansi. Gwadani pa chitseko cha dalaivala, muunike pamwamba pa pedulo pomwe push rod imalowera m'khoma. Pakakhala ponyowa, kapeti akamaterera m'zala, penti wa pamenepo akamasupuka, labala wotchinga fuluwidi kumbuyo kwa master watha. Ambiri inu simuyang'anako kumeneku. Mumasuzumira kunsi kwa galimoto, mukaona pouma mumati palibe chodontha, chonsecho fuluwidi akuthera m'kapeti n'kumachititsa dzimbiri chitsulo chopondapo mapazi. Mukatero pitani ku slave, mukokere pambali kalabala kotchinga fumbi. Mkati mwake muyenera kukhala mouma gwa. Paipi ya labala muigwire ndi dzanja mnzanu akuponda pedulo; ikamatupa yafooka, ndipo mphamvu ya phazi ikuthera pamenepo.

Eni a BMW ndi galimoto zambiri za ku Ulaya, inuyo ndiye mumvetsetse. Kilachi yanu ilibe botolo lakelake losungira fuluwidi monga Hilux kapena Land Cruiser, imagawana ndi mabuleki. Kapaipi kopita ku kilachi anakaika cham'mwamba dala, kuti fuluwidi akamatsika kilachi iyambe ndiyo kufa mabuleki akadalipo. Pedulo ya kilachi ikagwa pa galimoto yotere, musanaganize n'komwe za slave, yenderani mawilo onse anayi ndi mapaipi a mabuleki. N'kutheka kuti kilachi ikungokuuzani za ngozi ya kwina.

Tsopano zimene mumathira. Pa chivindikiro cha botolo analembapo mtundu wa fuluwidi, DOT 3 kapena DOT 4, koma kuwerenga mwati ndi ntchito. Awiriwa pamodzi ndi DOT 5.1 ndi a mtundu umodzi wa glycol ndipo amasakanizika. DOT 5 ndi wa silicone, nambala isakunyengeni, sasakanizidwa ndi enawo. Nanga inu othira ATF (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki), oyilo wa injini kapena wa pawa sitiyelingi mukuti "onse ndi mafuta", anakuphunzitsani ndani? Malabala a m'kilachi akakhudzana ndi oyilo wotere amatupa, amafewa, amatseka timabowo. Pamenepo kutsuka sikuthandizanso: master, slave ndi paipi ya labala zonse zisinthidwe. Zothira madzi a sopo m'malo mwa fuluwidi ndi zofikitsa munthu pa galaja kuchokera kutchire, osati zoyendera mwezi. Madzi amawira pa madigiri 100 ndipo amadya mkati mwa silinda.

Ngakhale fuluwidi woyenerayo amakalamba, chifukwa amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma atayamwa madzi pafupifupi magawo 4 pa 100 malirewo amatsikira ku 155. DOT 3 amachoka pa 205 kufika pa 140. Pa galimoto imene paipi ya kilachi yayandikana ndi ekizozi, mukachoka ku Chikwawa masana a October n'kuyamba kukwera Thabwa, pedulo imafewa. Mukaima kuti izizire imabwerera, inu n'kumati yadzikonza yokha. Sinadzikonze. Fuluwidi asinthidwe zaka 2 zilizonse, ndipo akada bii musadikire zakazo, kudako ndi malabala amene akunyenyeka. Gulani botolo lomata la theka la lita, limakwana. Wothiridwa kuchokera m'botolo lotsegula kale, losadziwika kuti lakhala nyengo zingati za mvula, musiyeni.

Palinso ena amene giya ikangoti khwee m'rivesi amathamangira kutsitsa giyabokosi, kugula clutch plate ndi pressure plate, ndalama zambirimbiri, kubwezera zonse, vuto lili chikhalire. Safunsa anadya phula. Yesani motere. Injini ili yozima, pondani kilachi mulowetse magiya onse. Akalowa bwinobwino, koma injini ikalira n'kuyamba kukana, kilachi siikumasula mokwanira. Mnzanu aponde pedulo mpaka pansi inu mukuyang'ana kachitsulo ka slave kokankha foloko. Pa galimoto zambiri kamayenda kuposa sentimita imodzi, ndipo kayenera kuima pomwepo phazi likadali pansi. Werengani mpaka 30. Kakayenda pang'ono, pedulo ili yofewa, ndipo kupopa kukuthandiza, muli mpweya. Kakafika bwino kenako n'kumabwerera pang'onopang'ono popanda chodontha kunja, labala wa kutsogolo kwa master akudutsitsa fuluwidi kubwerera ku botolo. Koma kakayenda mokwanira n'kuima nji, giya n'kumakanabe, apo ndi pomwe mulankhule zotsitsa giyabokosi: foloko yopindika, clutch plate yokhota, kapena pilot bearing (yogwirizira nsonga ya shafti ya giyabokosi) yolimba. Musanatero onaninso pini yolumikiza pedulo ndi push rod. Bowo lake likakula, gawo la ulendo wa pedulo limangopita pachabe.

Master yodutsitsa mkatiyo ndi imene imatiopsa ife. Mwaima pa zebra, giya wani ili mkati, phazi lili pansi, ana a sukulu akuwoloka. Mphamvu ikutha mwakachetechete, kilachi ikugwira yokha, galimoto ikusendera kutsogolo. Mpaka mutaikonza, poima paliponse ikani pa fili.

Chinanso chimene chafala ndi kuseweretsa nati ya push rod. Mukufuna pedulo "yogwirira pamwamba" ngati ya mpikisano, ndiye mumatalikitsa rod mpaka kuchotsa kampata konse. Mkati mwa master muli kanjira kobwezera fuluwidi ku botolo mukachotsa phazi. Pisitoni ikalephera kubwerera mpaka kumapeto, kanjirako kamakhala kotseka. M'mawa galimoto imayenda bwino. Ikatentha fuluwidi amafutukuka, alibe kothawira, ndiye amakankha slave yekha, kilachi n'kuyamba kuterera: injini ikulira, liwiro palibe, fungo la chopserera. Clutch plate yatsopano imatha msanga, release bearing n'kumazungulira osapuma. Mabuku a Toyota zambiri amafuna kuti rod ikhale ndi kampata ka mamilimita 1 mpaka 5 poyeza pa pedulo, ndipo pedulo iyende mamilimita 5 mpaka 15 isanayambe kulimba. Yezani ndi lula, mukankhe ndi chala, osati phazi. Mukakayika, galimoto ili yotentha tsegulani nipo ya slave, kabawuti kotulutsira mpweya, popanda woponda pedulo. Fuluwidi ayenera kungodontha. Akathovoka ndi mphamvu, rod yatalika kapena malabala atupa.

Kubulida, kumene ndi kuchotsa mpweya m'njira ya fuluwidi, nakonso mumachita mwachisawawa. Pafunika anthu awiri, sipanala ya ling'i yokwana bwino, kawirikawiri ya mamilimita 8 kapena 10, kapaipi koonekera mkati kolumikiza pa nipo, ndi botolo lokhala ndi fuluwidi pang'ono momwe nsonga ya kapaipiko imire. Wa mkati aponde pang'onopang'ono, agwire pansi. Wa kunja atsegule nipo kota ya kuzungulira, atseke, ndiyeno auze mnzake kuti akweze; nthawi zambiri pedulo imafuna kukokedwa ndi dzanja. Kukweza nipo ili yotsegula ndi kuyamwa mpweya. Botolo la kilachi ndi laling'ono, mukabulida katatu kapena kanayi thirani, likauma mwayambanso pachiyambi. Mpweya ukakanika, kumbukirani kuti umakonda kukwera: tengani sirinji yaikulu yoyera, mukankhe fuluwidi kuchokera ku nipo kupita ku botolo la kilachi, mutapungulako kaye kuti asasefukire pa penti. Akatayikira, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Nipo ikhale pamwamba pa slave, ndipo slave ikakhala yomasulidwa pasapezeke woponda pedulo, pisitoni imatumphuka kunja. Amene akulowa kunsi, galimoto ikhale pa masitandi pa malo olimba, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Posintha, yang'anani mkati mwa silinda musanagule kiti ya malabala. Mukakhala mizere kapena timaenje ta dzimbiri, labala watsopano amang'ambika posachedwa, gulani silinda yonse. Master ndi slave zimakalamba limodzi, ndiye imodzi ikafa inzake siili kutali. Pa galimoto zambiri za Ford ndi Opel slave ili mkati mwa bell housing, chigoba chotchinga kilachi pakati pa injini ndi giyabokosi, yolumikizana ndi release bearing. Ikadontha, mumaona kunyowa kunsi pokumana injini ndi giyabokosi, ndipo fuluwidiyo amatha kunyowetsa clutch plate. Pa zoterezi, tsiku limene giyabokosi yatsika pa chifukwa chilichonse, slave yatsopano ilowe pomwepo, ndipo musaifinye ndi manja musanaimange.