Mabwinja anali ofanana, njira zinasiyana: mmene Poland ndi Germany anamangiranso mizinda yawo

Mu Januwale 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikupita kumapeto, asilikali a Soviet Union ndi a Poland atalowa mu Warsaw, likulu la Poland, anapeza mzinda wopanda anthu. Nkhondo isanayambe munkakhala anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, koma tsopano kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Vistula nyumba pafupifupi 85 mwa 100 zilizonse zinali pansi. Si zonse zinagwa pomenyana. Anthu a mumzindawo ataukira Ajeremani mu 1944 n'kulephera, Ajeremaniwo anasamutsa otsala onse, n'kutumiza magulu oyenda msewu ndi msewu, kutentha ndi kuphulitsa nyumba imodziimodzi, malaibulale omwe. Patangotha mwezi, ndege za Britain ndi America zinayatsa mzinda wa Dresden ku Germany kuyambira usiku wa pa 13 Febuluwale, ndipo anthu pafupifupi 25,000 anafa. Hamburg, Cologne, Hannover ndi Berlin anali ataphwasuka kale.

Maiko oyandikanawa anayamba kumanganso nthawi imodzi, ndi manja, mafosholo ndi mawilibala. Lero alendo amajambula zithunzi mu mzinda wakale wa Warsaw n'kumayamikira, kenaka akafika pakati pa Hannover n'kuona misewu yotakata ndi nyumba za konkire, amapukusa mutu. Sindikuwatsutsa. Koma zambiri zomwe akuonazo zinagamulidwa m'maofesi a malo, mmisiri asanaike njerwa ndi imodzi yomwe. Puloti yomwe pali mulu wa zidutswa, mwini wake atafa kapena atathawa, ndi ya ndani? Nanga womanga amulipira ndani?

Boma latsopano lachikomyunizimu ku Poland silinachedwe nawo mafunsowa. Pa 26 Okutobala 1945 linatulutsa lamulo lomwe mpaka lero limadziwika ndi dzina la mtsogoleri wa nthawiyo, Bolesław Bierut, ndipo malo onse a mkati mwa Warsaw anakhala a khonsolo ya mzinda. Papepala, eni ake anali ndi mwayi wopempha kuti apitirize kugwiritsa ntchito mapuloti awo. Mapempho pafupifupi 17,000 anafika m'maofesi, ovomerezedwa anangopitirira 300 pang'ono. Chipukuta misozi chomwe chinalonjezedwa ambiri sanachione.

Olemba mapulani anatsala opanda wowatsekereza. Mu ofesi yomanganso likulu munali magulu awiri osagwirizana: ena ankafuna mzinda watsopano kotheratu, ena, motsogozedwa ndi Jan Zachwatowicz, ankati mtundu womwe adani anafuna kuufafaniza sungavomereze kuti nyumba zake zakale zatheratu. Gulu la Zachwatowicz linapambana pakati penipeni pa mzinda. Anagwiritsa ntchito miyezo yomwe ophunzira zomangamanga anajambula nkhondo isanayambe n'kuibisa, komanso zithunzi zoposa 20 zomwe Bernardo Bellotto anapenta m'zaka za m'ma 1770. Bellotto yemweyo anali atapentanso Dresden zaka zingapo m'mbuyomo, moti mizinda iwiriyi inasiyiridwa kalilole ndi munthu mmodzi. Pena ankakometsera nyumba kuposa mmene inalili, ndipo amisiri anatsatira chithunzicho.

Bwalo la msika wa mzinda wakale linatsegulidwa pa 22 Julaye 1953. Kunja kukuoneka zaka mazana atatu zapitazo, koma ukalowa mkati umapeza mafulati a ogwira ntchito, okhala ndi khitchini ndi bafa. Timanyumba tothithikana ta kuseri sanatimangenso, kuti dzuwa lizilowa. Ena amati chimenechi n'chinyengo. Ine ndimaona ngati nzeru: anasunga chomwe maso a anthu ankachisowa, n'kutaya chinyontho ndi mdima zomwe palibe ankazilira. Nyumba yachifumu inadikira mpaka 1971, inamangidwa ndi ndalama zosonkha za anthu, a kunja kwa dziko omwe, n'kutsegulidwa mu 1984. UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, inali itaika kale mzinda wakalewo pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa mu 1980.

Mphamvu yomweyo inagwiranso ntchito zina zomwe alendo sazijambula. Nyumba zambiri za m'zaka za m'ma 1800, zoti zikanakonzeka, zinagumulidwa kuti misewu ikule komanso kuti papezeke bwalo la chinsanja chomwe Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anati ndi mphatso, chomwe chinatha mu 1955. Ku Muranów, komwe kunali ghetto, dera lomwe Ajeremani anatsekeramo Ayuda n'kulisalaza mu 1943, zidutswa zinachuluka moti Bohdan Lachert ndi anzake anangomanga pamwamba pake, zina n'kuzipera kuti aumbe mabuloko. N'chifukwa chake mu mzinda wathyathyathya ngati Warsaw nyumba za kumeneko zakhala pa timitunda, ndipo munthu amakwera masitepe kuchoka mumsewu kuti afike pakhomo. Njerwa zina zinachokera ku Wrocław, mzinda womwe mpaka 1945 unali wa Germany ndipo unkatchedwa Breslau. Malire atasuntha, Ajeremani a kumeneko anathamangitsidwa, ndipo nyumba zambiri zinagumulidwa kuti njerwa mamiliyoni zikwere sitima ya ku likulu. Wrocław mwiniwake anakhala ndi mipata yopanda nyumba kwa zaka zambiri.

Nkhondo itatha Germany inagawika pawiri, ndipo ku West Germany boma silikanayerekeza kulanda malo chotero. Malamulo aakulu a dziko a 1949 anateteza katundu wa munthu, ngakhale anaonjezera kuti katunduyo azipindulitsanso anthu onse. Choncho mzinda uliwonse unayenera kukhala pansi ndi eni mapuloti, ndipo zotsatira zake zinasiyana malinga ndi amene anali ndi liwu. Ku Münster amalonda a mu msewu wa Prinzipalmarkt anakana kuphatikiza mapuloti awo. Aliyense anamanga pa kamalo kake kopapatiza, kusunga makonde oyendamo anthu ndi madenga osongoka, kungochepetsa zokongoletsa. Akatswiri ambiri a nthawiyo anawaseka kuti ndi achikalekale. Lero msewu umenewo ndi umene anthu amapitira ku Münster.

Ku Hannover kunali Rudolf Hillebrecht, yemwe anayamba kuyang'anira zomangamanga za mzindawo mu 1948. Iyeyu anali ndi pakamwa. Msonkhano ndi msonkhano ananyengerera eni malo kuti aliyense adule kambali ka puloti yake, mpaka anapeza njira yodutsitsa misewu ikuluikulu yozungulira pakati pa mzinda. Mu 1959 magazini ya Der Spiegel inati zochitika ku Hannover n'zozizwitsa. Koma mzinda umene unatuluka unali wa galimoto, ndipo nyumba zina zakale zomwe mabomba anazisiya zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1960 ndi khonsolo yomwe. Hillebrecht, monga anzake ambiri, anagwirapo ntchito ndi gulu lomwe Albert Speer, nduna ya Hitler, anakhazikitsa mu 1943 kuti likonze mapulani a mizinda yophulitsidwa. Mapulani ena "atsopano" a pambuyo pa nkhondo anali atayamba kulembedwa Hitler akadali pampando.

Panalinso manyazi. Kwa munthu wa ku Warsaw kumanganso chakale kunali kuuza wowononga kuti walephera. Kwa Mjeremani zinali zovuta, chifukwa nkhondo anaiyamba ndi kwawo, ndipo ena ankati kubwezeretsa nyumba ngati palibe chinachitika kukhala kunama. Ku Frankfurt anakangana kwambiri pa nyumba yomwe anabadwiramo Goethe, mlembi wawo wotchuka, asanaimangenso n'kuitsegula mu 1951. Ku West Berlin anthu anakakamira kuti nsanja yogumuka ya tchalitchi cha Kaiser Wilhelm isiyidwe choncho, chatsopano chimangidwe pambali.

Pomwe ndimavulira chipewa West Germany ndi pa ndalama. Anthu amathamangira kutchula Marshall Plan, ndondomeko ya thandizo la America, yomwe inapatsa dzikolo pafupifupi madola 1.4 biliyoni, pamene Poland inakakamizidwa ndi Moscow kuikana mu 1947. Inathandizadi. Koma lamulo la 1952 logawana mtolo wa nkhondo silitchulidwa mokwanira. Aliyense amene nyumba, munda kapena bizinesi yake inapulumuka anayenera kupereka theka la mtengo wake, powerengera mtengo wa mu 1948. Theka! Chomwe chinachititsa kuti zitheke ndi kalipiridwe: kanayi pachaka, kwa zaka 30. Ndalamazo zinkapita kwa omwe nyumba zawo zinaphulitsidwa ndi kwa othamangitsidwa kuchokera kum'mawa, omwe ku West Germany kokha anali pafupifupi 8 miliyoni. Chuma chitayamba kukwera, msonkhowo unapepuka wokha, pakuti lendi ndi phindu zinkakula koma ngongole inali pa mtengo wakale. Bomba silisankha nyumba. Wina yake inapsa, ya neba n'kutsala, ndipo lamuloli linati mwayi wotere usakhale wa munthu mmodzi. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1950 dzikolo linkamanga nyumba zoposa 500,000 pachaka, zambiri zosakongola, koma anthu anachoka m'misasa.

East Germany ndi imene imasokoneza nkhani yanga pang'ono. Nayonso inali yachikomyunizimu, ndipo lamulo lake la 1950 linapatsa boma mphamvu yotenga malo omangapo. Koma pomwe Poland inkabwezeretsa matchalitchi ndi nyumba za mafumu, East Germany inaphulitsa nyumba yachifumu ya ku Berlin mu 1950, ndipo mu 1968 inagwetsa tchalitchi cha yunivesite ya Leipzig chomwe nkhondo inachisiya chili chilili. Kulanda malo kumangopereka mphamvu, sikuuza boma chochita nayo. Ku Dresden anakonza nyumba yachifumu ya Zwinger ndi nyumba ya zisudzo zoimba (opera), koma mulu wa miyala ya tchalitchi cha Frauenkirche anausiya pakati pa mzinda zaka zoposa 45 ngati chikumbutso. Tchalitchicho chinamangidwanso kuyambira 1994 mpaka 2005, ndalama zambiri zili zopereka za anthu. Miyala yakale yomwe inapezeka anaibwezera m'khoma, ndipo imaoneka yakuda pakati pa yatsopano yoyera. Mtanda wa pamwamba unasulidwa ku London ndi Alan Smith, yemwe bambo ake anaulutsa imodzi mwa ndege zomwe zinaphulitsa mzindawo.

Chikomyunizimu chitagwa, funso la 1945 linabwereranso ku maiko onse awiri, ndipo apa njira zinasiyana kachiwiri. Germany itagwirizana mu 1990 inaika lamulo limodzi: katundu wolandidwa kum'mawa abwezedwe kwa mwini, zikakanika alipidwe. Inatsegula maofesi apadera, ndipo madandaulo oposa 2 miliyoni anafika. Zinachedwetsa zomangamanga, ndipo anthu ambiri a kum'mawa omwe anakhala m'nyumbazo zaka 40 anakwiya poona eni ake akutulukira kuchokera kumadzulo. Komabe panali lamulo, panali tsiku lomaliza lodandaula, ndipo milandu yambiri inatha.

Poland inazengereza. Nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lobweza katundu mu 2001, Pulezidenti Aleksander Kwaśniewski n'kukana kusaina. Zotsatira zake, nyumba za ku Warsaw zinkangobwezedwa imodziimodzi, malinga ndi amene wafika ndi mapepala pa ofesi. Amene anathamangitsanapo chikalata cha puloti kwathu kuno akudziwa kuti pomwe lamulo lili ndi mpata madobadoba sasowa. Ku Warsaw ankafunafuna zidzukulu zokalamba za eni malo, kugula ufulu wawo wodandaula ndi ndalama yochepa, n'kulandira nyumba yonse yosanja pakati pa mzinda. Makhothi ena anafika posankha oimirira eni malo omwe akanakhala moyo bwenzi ali ndi zaka zoposa 110. Mwini watsopano akalowa, lendi inkakwera kangapo, madzi ndi magetsi kudulidwa, mpaka a lendi atuluke okha. Ambiri mwa iwo anali ana a anthu omwe anachotsa zidutswa pa nyumba zomwezo ndi manja awo. Jolanta Brzeska, mayi yemwe ankatsogolera a lendi pokana kuthamangitsidwa, anapezeka atapsa m'nkhalango ya Kabaty mu Malichi 2011, ndipo patatha zaka 10 panalibe amene anaweruzidwa pa imfa yake.

Ndikaika awiriwa pa sikelo, pa maonekedwe a mzinda ndimapereka kwa Poland mosakayika, ndipo Ajeremani enieni akuoneka kuti avomereza: Frankfurt inagumula ofesi yake ya konkire mu 2010 n'kumangapo nyumba 35 za kamangidwe ka mzinda wakale, zomwe zinatsegulidwa mu 2018. Koma pa chilungamo ndimatsamira ku West Germany. Inatenga theka la chuma cha munthu poyera, ndi lisiti, n'kumusiyira puloti yake, pamene Poland inatenga puloti yonse n'kusiyira zidzukulu mkangano.

Boma la Poland linakhazikitsa komiti yofufuza za Warsaw mu 2017, ndipo zigamulo zina zobweza nyumba zinathetsedwa. Mu 2021 linatseka khomo ndi lamulo loti chigamulo cha boma chikapitirira zaka 30 sichingatsutsidwenso. A lendi anapuma, koma mabanja a eni malo akale anatayiratu chiyembekezo, kuphatikizapo a Ayuda, omwe nkhondo isanayambe anali pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse mu Warsaw. Israel inakwiya nalo lamulolo mpaka kuitanitsa mkulu wa ofesi ya kazembe wake kuti abwerere kwawo.